Mwana wanu akamavutitsidwa ndi anzake a m'kalasi: momwe mungamuthandizire

Mwana wa Sitandade 7 sabwera kunyumba n'kunena kuti, "Amayi, pali mnyamata amene akumandigwiragwira." Amangoyamba kudwala mutu Lolemba lililonse m'mawa, kapena kunyamuka mochedwa dala kuti akapeze anzake atalowa kale m'kalasi. Wina amasintha njira yowerukira n'kumazungulira kutali. Wina amasiya kulowa m'chimbudzi cha pasukulu, n'kumafika kunyumba ali wefuwefu. Makolo ambiri tikaona zotere timati mwana wayamba ulesi, ndiye timakalipa.

Vutoli limachuluka kuyambira Sitandade 6 mpaka 8 komanso Fomu 1 ndi 2, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Kubwereza makalasi ndi kuyamba sukulu mochedwa kumachititsa kuti mtsikana wa zaka 12 akhale desiki imodzi ndi mnyamata wa zaka 16 amene mawu anasintha kale. Kalasi ikakhala ya ana oposa 100 mphunzitsi ali mmodzi, zochitika kumbuyo kuja siziwoneka. Onjezanipo foni, imene imapangitsa kuti zonyoza za kusukulu zimutsatire mwana mpaka pamphasa yogonapo.

Yambani ndi kumvetsera

Musamuyitanire pabalaza ngati mlandu. Mwana amamasuka manja ali pantchito: mukusankha nyemba, mukutsuka mbale, muli panjira yopita kuchigayo. Funsani zazing'ono. "Umakhala ndi ndani padesiki? Powerukira mumayenda ndi ndani? Alipo amene umamuzemba?" Mukafunsa khalani chete, ngakhale kudikirako kukuwawa. Ngati nkhaniyi ikumuvuta kuyikamba kwa bambo ake, apatseni mpata azakhali, agogo kapena mkulu wake amene amagwirizana naye.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo timalakwitsa ndi mawu oti tinawamva kwa makolo athu. "Ndiye kuti amakukonda." "Zachibwana zimenezo, ungomusiya." "Nawenso umamusekerera." "Unavala chiyani?" Mawu ngati amenewa amatseka pakamwa pa mwana kwa zaka. Mawu akuti amakukonda ndiwo oyipitsitsa, chifukwa amaphunzitsa mtsikana kuti munthu womukoka siketi ndi kumutsekereza njira ndiye wachikondi, ndipo phunziro limenelo amakalowa nalo m'banja. Kufunsira kamodzi, kukanidwa, n'kusiya, ndi nkhani ina. Koma kumuponyerabe timakalata munthu atakana, kumudikirira pamlatho tsiku ndi tsiku, kumugwira mabere kapena matako podutsa, kumulemba dzina pakhoma la chimbudzi, kumukuwiza akadetsa yunifolomu nthawi ya msambo, uku n'kuzunza. Muuzeni mwanayo momveka kuti sanalakwe, ndipo wachita bwino kunena.

Anyamata nawonso zimawagwera, makamaka ochepa thupi: kuvulidwa kabudula pagulu, kutchedwa mayina achikazi, kulandidwa ndalama ya mandasi. Iwowa ndiye sanena n'komwe, poopa kuuzidwa kuti mwamuna salira.

Lembani zonse

Pezani kope lakale. Lembani tsiku, malo, zimene zinachitika, ndi mayina a amene anaona. Timakalata tija musating'ambe chifukwa cha mkwiyo, tisungeni. Ngati ndi mauthenga a pa WhatsApp kapena Facebook, ajambuleni nambala ya wotumiza ikuoneka, kenako mutsekereni. Chenjezo limodzi: ngati pali chithunzi chamaliseche cha mwana, musachitumize kwa aliyense, ngakhale kwa achibale pofuna kuwaonetsa kukula kwa nkhani. Lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kufalitsa zithunzi zotere, komanso kuzunza munthu kudzera pa intaneti. Foniyo kaonetseni apolisi momwe ilili.

Pitani kusukulu, koma mupite ndi pempho lenileni

Yambani ndi mphunzitsi wa kalasiyo, kenako ahedi. Ngati pasukulupo pali amayi a mother group, gulu lothandiza atsikana pamaphunziro, tenganiko mmodzi, chifukwa amayi amenewa amadziwa ana ndi makolo a m'deralo, ndipo nkhani yoti iwo aimva siifa msanga. Mumuuziretu mwana kuti mukupita, asadzadzidzimuke akuyitanidwa ku ofesi.

Kungonena kuti "tithandizeni aphunzitsi" sikukwanira. Mudzayankhidwa kuti "tiziona" basi. Pemphani zinthu zogwirika. Wosamutsidwa padesiki akhale wovutitsayo, osati mwana wanu. Makolo ake ayitanidwe. Pakhale mphunzitsi mmodzi, wamkazi ngati mwanayo ndi mtsikana, woti azithawirako. Ndipo mugwirizane tsiku loti mudzabwerenso kudzamva zimene zachitika, monga pakatha milungu iwiri.

Kanani zinthu ziwiri zimene masukulu amakonda chifukwa n'zachangu. China ndi kuwaimika ana awiriwo kutsogolo kwa kalasi kuti afotokoze. Mwana wanu ndiye amene adzasanduke nyimbo ya sukulu yonse. China ndi kuwauza kuti agwirane chanza akhululukirane, ngati kuti onse awiri analakwa. Nanunso musapite kukamudikirira mnyamatayo panjira ndi chikoti. Mukamumenya mlandu utembenukira inu, ndipo za mwana wanu ziiwalika.

Ahedi akamazengereza, pali komiti yoyendetsa sukulu ndi ya makolo ndi aphunzitsi. Kupitirira apo pali a PEA, amene amayang'anira masukulu a pulayimale a m'zoni yanu ndipo amapezeka ku TDC (malo a maphunziro a aphunzitsi a m'zoniyo), kenako ofesi ya zamaphunziro ya boma lanu. Lembani kalata, sungani ina yofanana nayo. Pepala limayenda kuposa mawu apakamwa.

Dziwani pamene nkhani yasiya kukhala ya kusukulu

Ngati mwana wagwiridwa kumalo obisika, wagwiriridwa, waopsezedwa kuti amenyedwa akakana, kapena zithunzi zake zikufalitsidwa, musadikire msonkhano wa komiti. Akagwiriridwa, choyamba ndi chipatala, tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo alipo enanso oletsa kutenga pakati. Ngati n'kotheka asasambe kaye, ndipo zovala zimene anavala musazichape. Zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi One Stop Centre, kumene achipatala, apolisi ndi alangizi amapezeka malo amodzi, kuti mwana asamabwereze nkhani yowawa m'maofesi osiyanasiyana. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitidwa nkhanza. Mukasowa poyambira, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Mwana akhozanso kuyimba yekha.

Padzabwera anthu kudzapepesa, ena ndi nkhuku, ena ndi envelopu, n'kumati tikambirane pachiweniweni, mwanayu ali ndi mayeso a Sitandade 8, tisamuwonongere tsogolo. Nanga tsogolo la wanuyo? Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la Gender Equality la mu 2013 linaika kuzunza munthu pa nkhani zogonana m'gulu la milandu, chilango chake n'kufika zaka zisanu m'ndende. Wolakwayo akakhala mwana mnzake, nkhani yake imapita ku bwalo la milandu ya ana, limene cholinga chake chachikulu ndi kumukonza. Choncho kukanena sikumupha mnyamatayo, ndipo mwina n'kumene kungapulumutse mtsikana wotsatira.

Mulimbikitseni mwanayo, osamubisa

Yeserani naye kunyumba kunena mokweza kuti "Ndisiye!" kapena "Usandigwire!" mpaka mawu atuluke osanjenjemera. Ovutitsa anzawo amadalira manyazi ndi chinsinsi, ndiye anthu akacheuka amabwerera m'mbuyo. Aziyenda ndi anzake awiri kapena atatu powerukira. Musamulande foni ngati chilango, ndipo musamusiyitse sukulu poti mukumuteteza. Mukatero wapambana ndi womuvutitsa uja.

Nanga wovutitsayo akakhala wanu?

Ahedi akakuyitanani, musafike ndi mawu akuti "mwana wanga sangachite zimenezo." Kunyumba ana onse ndi ofatsa. Mverani kaye, kenako mukhale naye pansi awiriwiri, ndipo ngati ndi mnyamata, bambo kapena amalume asathawe ntchito imeneyi. Mufunseni kuti mtsikanayo atakana, iye anapitiriziranji. Kawirikawiri mupeza kuti pali kagulu ka anzake kamene kamamuchemerera, kapena makanema amene akuonera pa foni ya mnzake. Nthawi zina zimene akuchitazo anaziona kwa ife akuluakulu, tikamaimbira likhweru amayi odutsa pamsika. Kumukwapula kokha kumangomuphunzitsa kubisa. Muuzeni kuti asamuyandikirenso mwana uja, asamutumizire uthenga ngakhale kudzera mwa mnzake, ndipo pakatha milungu iwiri inuyo mupite nokha kwa mphunzitsi wa kalasi mukafunse ngati wasiyadi.