Injini ikumisa, scanner ikuti P0201? Yambani ndi mawaya

Galimoto ya petulo ikamanjenjemera pa idle ndipo kagetsi ka check engine kayaka, musathamangire kugula ma injector atsopano (tizipangizo topopera petulo mu injini), zinthu zodula zimenezi. Ikani scanner kaye, kachipangizo kowerenga ma code a vuto mu kompyuta ya galimoto. Ikaonetsa code ya P0201 mpaka P0204 ndiye kuti moto sukuyenda bwino pa injector, nambala yomalizayo ndi silinda yake.

Zimitsani injini, zulani pulagi ya injector imeneyo muone ngati mapini achita dzimbiri kapena waya wadyedwa ndi makoswe, zimachitikatu galimoto ikakhalitsa osayenda. Kenako ikani multimeter, mita yoyezera magetsi, pa ma ohms n'kugunda mapini awiri a injector. Ma injector ambiri amawerenga 12 mpaka 16, mita ikaonetsa OL (kutanthauza kuti moto sukudutsa) koyilo ya injector yaduka mkati, imeneyo siyokonza, sinthani basi.

Injector ikakhala bwinobwino tsegulani kiyi, waya umodzi wa pulagi uzipereka 12V. Ngati mapulagi onse alibe moto onani fyuzi ndi relay. Waya winawo ndi umene ECU, kompyuta ya injini, imapatsira earth, ikani test lamp ya LED pa mapini awiri a pulagi wina azitchaya sitata, iziphethira. Ikapanda kuphethira londolani wayawo mpaka ku ECU musanainamizire kuti yapsa, nthawi zambiri ndi waya chabe. Poduka wotcherani ndi solder, zongopota ndi tepi zija ayi. Mukatha fufutani code muyiyendetse.