Mukufuna masitazi ya French kapena Chitchaina? Yambirani apa

Abale amene munamaliza digiri yoyamba ndipo mtima uli pa masitazi ya ziyankhulo zakunja ndi litilecha, musathamangire fomu ayi, yang'anani kaye kalasi ya digiri yanu. Mayunivesite ambiri amafuna honazi ya 2.1, ena 2.2 amatenga ndithu, ndipo ngati munaphunzira ku Chanco ku Zomba kapena kwina kunja koma mukufuna malo ku UZ (University of Zimbabwe) ku Mount Pleasant mu Harare, pepala lanu lidutse kaye ku ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Zimbabwe, akaliunike.

Koma pomwe ambiri amagwa mpa chiyankhulo penipenipo. Kunena kuti "ndimayankhula French bwinobwino" palibe amene akumvereni, akufuna satifiketi. Ya French mayeso ake ndi DELF ndi DALF, amalembetsa ku Alliance Française pa msewu wa Herbert Chitepo paja, levulo ya B2 ndiye poyambira koma ngati mukufuna litilecha ku France limbanani ndi levulo yapamwamba ya C1 basi chifukwa kumeneko muziwerenga mabuku athunthu sabata ndi sabata kenako nkumalemba nkhani zazitali, ndi B2 yokha mudzalira. Ubwino wake DELF ndi DALF sizitha ntchito, pomwe TCF, mayeso ena a French, ikangokwana zaka 2 yafa. Achitchaina anzanga pitani ku Confucius Institute ku UZ komweko, masitazi yophunzitsa Chitchaina ku China imafuna mayeso a Chitchaina a HSK levulo 5 ndi HSKK ya pakamwa ija. German ndi TestDaF kapena DSH.

Kenako sankhani mtundu wa masitazi, MA ili ndi makalasi, mayeso ndi disateshoni kumapeto, MPhil ndi kafukufuku yekhayekha, opanda pulopozo yomveka ndi supavaiza wokuvomerani simulowa. Mutu wake ukhale waung'ono chonde, osati "mabuku a French mu Africa", imeneyo ndi ntchito ya moyo wonse. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga nthano ndi nyimbo za agogo athu a ku Mbare ndi Mufakose nkuona zomwe zimatayika pozimasulira mu French, Chichewa pajatu chili m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka mu Konsitityushoni ya Zimbabwe ya 2013, palibe angakunyozeni nacho.

Oganiza za America dziwani kuti madipatimenti ambiri amafunanso mayeso owerenga chiyankhulo china chachiwiri, makamaka pa PhD. Makalata a malekichala awiri kapena atatu ndi thiransikiriputi pemphani kudakali miyezi, maofesi athuwa mukuwadziwa kachedwedwe kake.