Opuma pantchito, musasankhe malo a kugombe nyanja itaphwa

Mwezi uno wa Epulo ndakhala ndikuyendera minda ya chinangwa yomwe yalowa madzi m'mbali mwa nyanja kuno ku Likoma. Minda ndaiona, ndipo ya chinangwa tikambirana tsiku lina. Chomwe chandiwawa mtima ndi nyumba. Nyumba zatsopano, malata akadali kung'anima, zina mazenera sanaikemo n'komwe, zaima m'madzi. Eni ake ambiri si asodzi ayi. Ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi makalaliki a m'boma omwe apuma pantchito posachedwapa, n'kutenga ndalama zawo za penshoni zolandira nthawi imodzi zija kudzamanga mokhalamo mpaka Mulungu adzawaitane.

Ganizo lobwera kuno sindikutsutsana nalo. Penshoni ya mwezi ndi mwezi siingalimbane ndi lendi ya ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Kuno lendi palibe ukamanga yako, usipa ugula pagombe, chipatala cha St Peter's chilipo, magetsi a sola alipo. Ambiri mwa achikulirewa anabadwira konkuno, anaphunzira m'masukulu a mishoni, ndiye akubwerera kwawo. Vuto ndi lakuti chilumbachi n'chaching'ono, masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo mbali yaikulu ndi miyala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 m'boma lonse, kuphatikiza chilumba cha Chizumulu. Malo abwino a kumtunda, monga chakufupi ndi Chipyela kapena Mbamba, ali ndi eni ake, ndipo akapezeka mtengo wake ngwokwera. Otsika mtengo amapezeka kuseri kwa madoko a asodzi, kumene kuli phokoso usiku wonse nthawi ya usipa, fungo la nsomba zapathandala, mowa, alendo obwera ndi kupita, ndi nkhuku zosowa m'khola. Wopuma pantchito akafika kumeneko maso ake amakhala pa akuba. Amawerengera ndalama ya zitsulo za m'mazenera ndi mpanda, amafunsa ngati anyamata a pamalopo ndi aulemu. Mafunso amenewa ndi abwino, ndipo ndaona ambiri akuzolowerana ndi asodzi bwinobwino pakangotha miyezi ingapo. Koma funso la madzi safunsa.

Nyanja yathuyi siikhala pamalo amodzi. Mvula ikagwa kuyambira Disembala, mitsinje ya Ruhuhu, Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe ndi ina yambiri imathira madzi ake muno, pamene potulukira ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, womwenso amauyang'anira pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Choncho madzi amakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pachimake mu Epulo kapena Meyi, mvula itatha kale, kenako amatsika mpaka Novembala kapena Disembala. Kusiyana kwake pachaka kumakhala mita imodzi kapena kuyandikira pamenepo. Pathanthwe lotsetsereka mita imodzi si kanthu. Pagombe lamchenga lathyathyathya, mita imodzi yokwera imatanthauza kuti madzi ayenda mapazi ambirimbiri kulowa kumtunda.

Tsono taonani nthawi yomwe achikulire athu amabwera kudzaona malo. Ndi Okutobala kapena Novembala. Mwera watha, ulendo wa pa Ilala kuchokera ku Nkhata Bay ngwabata, kunja kwauma, ndi nyengo yomanga. Ndi nthawi yomweyo pamene nyanja yaphweratu. Amawaonetsa mchenga woyera wotambalala, udzu utamera, madzi ali kutali uko, mtengo wake theka la wakumtunda. Amalipira tsiku lomwelo.

Ndipo si kusintha kwa pachaka kokha. Zaka za 2016 ndi 2017 nyanja inatsika kwambiri, nonse mukukumbukira kuzima kwa magetsi chifukwa madzi a mu Shire anachepa ku Nkula, kopangira magetsi. Zaka zimenezo gombe linakula, pena panamera udzu ndi timitengo, anthu n'kuyamba kupatcha malo. Sanali malo. Inali mphasa ya nyanja yomwe inangoyalulidwa kwa kanthawi, mwini wake akubwera. Mu 2023 madzi anabwerera, mu 2024 anapitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, kukwera komwe sikunaonekenso chichokereni cha m'ma 1980. Malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota anamira, nkhani inali pa wailesi tsiku ndi tsiku. Bungwe loyang'anira za madzi la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti pansi pa mzere wa mamita 477 si pomanga. Zonsezi zinanenedwa poyera. Nanga bwanji munthu wophunzira, amene wagwira ntchito m'boma zaka makumi atatu, akuthira simenti pansi pa mzere umenewo?

Madzi oima okha sagwetsa nyumba msanga. Chogwetsa chimabwera pambuyo pake. Mwera umayamba kuomba nyanja isanatsike, ndipo mafunde a Juni ndi Julayi amafika pakhoma akadali ndi mphamvu zonse, makamaka magombe oyang'ana kummwera ndi kuvuma. Amakumba mchenga pansi pa maziko usiku ndi usana. Poyamba ndi mng'alu wochepa pakona, kenako chitseko chikukana kutsekeka, kenako khonde lapendekeka. Nyumba zomwe ndaziona mwezi uno mayeso ake enieni sanafike.

Tiwerengere zomwe zatayika. Thumba lililonse la simenti lomwe lili m'khomamo linagulidwa kumtunda, linalipiridwa wonyamula kupita nalo kudoko, linalipiridwa m'sitima kapena m'boti, linalipiridwa potsitsa, linalipiridwanso kuti lifike pamalo, nthawi zina pamutu chifukwa galimoto kuno ndi zowerengeka. Malata, matabwa, misomali, zonse njira yake ndi yomweyo. Ngakhale nkhuni ndi makala zambiri zimachokera kutsidya ku Mozambique. Kumanga kuno n'kodula kuposa ku Mzuzu, ndipo ndalama yomwe munthu anapulumutsa pogula malo otsika mtengo ndi kachigawo kakang'ono ka zomwe wamiza m'nyumbayo. Ndalama ya nthawi imodzi ija imabwera kamodzi basi. Wazaka 60 sadzalembedwanso ntchito kuti amange yachiwiri. Kugulitsa sangagulitse, ndani angagule ataona madzi pabalaza? Chipepeso palibe amene angamupatse.

Chimbudzi ndicho chimayamba kugwa, nyumba isanagwe. Pamchenga wa kugombe madzi apansi ali pafupi, nyanja ikakwera nawonso amakwera, dzenje limadzaza n'kugumuka. Zonyansazo zimapita m'madzi omwewo amene ana akusambamo ndi amayi akutsukiramo mbale. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unatiphunzitsa zomwe zimachitika m'madoko. Onjezanipo likodzo, ndi udzudzu woswana m'zithaphwi zotsalira madzi akamabwerera. Munthu wachikulire wa shuga kapena BP, matenda akakula, ulendo wake ndi wa pamadzi kupita kumtunda, ndipo mwera ukakwiya ulendowo umadikira. Kadimba ka chinangwa komwe ankadalira kuti asamagule ufa nakonso kapita, chifukwa chinangwa chikakhala m'madzi masiku angapo chimaola, mukazula mungomva fungo.

Chizolowezi chomwe chanditopetsa ndi ichi chotuma mphwake. Bambo ali ku Lilongwe akudikira makalata a penshoni, akutumiza ndalama pafoni, mphwawo akusankha malo, akulemba amisiri, akutumiza zithunzi pa WhatsApp. Chithunzi chimaonetsa khoma likukwera, sichionetsa kumene madzi anafika chaka chatha. Mnyamatayo mwina alibe chinyengo chilichonse, koma anabadwa nyanja ili yotsika, akudziwa chiyani? China ndi chomalizira nkhani ya malo pakamwa pokha, poti "ndife amodzi, tikulemberananji?" Madzi akafika wogulitsa amati sanakukakamizeni, ndipo akunena zoona. Tileke zimenezi. Manyazi ofunsa mafunso kwa abale atimaliza.

Sabata yatha ndinali m'munda mwa mayi wina wachikulire, mlimi wa chinangwa wa zaka zambiri. Tikuyang'ana mizere yomwe yamira, iwo anandikoka dzanja kupita nane pathanthwe lina kuseri kwa nyumba yatsopano ya aphunzitsi ena opuma. Pathanthwepo pali mzere wotuwa, wofika m'chiuno mwanga. "Alangizi, mukuuona mzerewu? Ine ndili mtsikana madzi ankafika apa. Bambo anga ankamangirira bwato pamtengo uwo," akuloza mtengo womwe lero uli kumtunda kwa khitchini ya aphunzitsiwo. Ndinawafunsa ngati anawauza eni nyumba. "Ndinawauza, mwanangu, maziko asanakumbe. Anati agogo musadandaule, simenti ya masiku ano ndi yolimba." Atatero anayamba kundidandaulira za mbuzi za aneba zomwe zikudya nsonga za chinangwa chawo chotsala, ndipo sanandisiye mpaka nditalonjeza kukalankhula ndi amfumu. Nkhani ya mbuziyo ikadali pa ine.

Mayi amenewa sanapite patali ndi sukulu, koma zomwe ananena ndi zomwezo zomwe a zamadzi akunena ndi manambala awo. Midzi yakale ya pachilumba pano, manda, tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903, zonse zili pokwera. Kugombe kunkakhala zisakasa ndi mathandala, zinthu zoti madzi akabwera umazula n'kusuntha.

Tsono mwachidule, kwa inu amene ndalama zikutuluka chaka chino. Bwerani nokha, ndipo bwerani mu Epulo kapena Meyi, muone malowo nyanja itadzaza. Ngati mungathe khalani kaye pa lendi kapena kwa abale mpaka mwera udutse, chaka chimodzi cha lendi kuno sichingafanane ndi nyumba yotayika. Funsani nkhalamba za pamudzipo, osati wogulitsa, kuti madzi anafika pati mu 1980 ndi mu 2024, ndipo yang'anani mizere pamiyala. Kumbani dzenje loyesera pamene mukufuna chimbudzi, likatuluka madzi musanafike mamita awiri chokanipo. Pitani ku khonsolo mukafunse za mzere wa 477 ndi za lamulo la malo a makolo la 2016, ndipo mgwirizano ulembedwe, amfumu ndi mboni asainire. Malo a miyala a kumtunda ngovuta kukumba koma maziko ake ndi aulere, zipinda ziwiri pamenepo zikukwanirani, zina mudzawonjezera. Za kamangidwe ka maziko ndi kasakanizidwe ka simenti sindinena, amisiri akudziwa. Amene mwamanga kale ndipo madzi ali pakhomo, tulutsani katundu, zulani zitseko, mafelemu ndi malata mwera usanayambe ngati khoma layamba kung'aluka, tsekani chimbudzi chogumukacho ndipo madzi akumwa muzithira mankhwala kapena kuwiritsa. Mbewu ya chinangwa dulani pa mitengo yomwe sinamire, muisunge pamthunzi kumtunda, ndipo amene mulibe mundipeze ku ofesi ya zaulimi tione kwa alimi anzanu amene angakugawireni.