Momwe mungasankhire zida za kompyuta ya magemu osawotcha ndalama zanu

Anyamata ambiri akandipeza, funso lawo limakhala limodzi: "Achimwene, ndigule RTX iti?" Amatanthauza graphics card ya kampani ya Nvidia, khadi imene imajambula zithunzi za gemu. Ine ndimawabwezera funso: mukufuna kusewera chiyani, nanga pa sikirini yotani? Munthu wongofuna kumenya EA Sports FC ndi anzake Loweruka madzulo safunika makina ofanana ndi a munthu wofuna Cyberpunk 2077 zonse atazikweza mpaka pamapeto. Ndiye musanapite kushopu iliyonse, tengani pepala mulembe magemu atatu amene mumaseweradi, osati amene mumangoonera pa YouTube. Pansi pake lembani ndalama zimene muli nazo m'thumba lero. Za "mwezi ukatha" zija musaziwerengere.

Choyamba sankhani monita

Ambiri amaisiyira kumapeto, ndalama zitatha kale, n'kukathera pa kamonita ka muofesi. Koma monita ndi imene imakuuzani kukula kwa graphics card yoti mugule. Ya 1080p ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi topitirira pang'ono 2 miliyoni. Ya 1440p ili ndi pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo ya 4K ili ndi 8.3 miliyoni, kanayi kuposa 1080p. Kadontho kalikonse khadi yanu iyenera kukajambula, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Mukagula sikirini ya 4K n'kuimangirira pa khadi yapakati, zili ngati kukweza matumba a simenti pa njinga ya kabaza.

Kwa ambiri a ife, mainchesi 24 pa 1080p ndi pabwino. Ngati thumba likulola, mainchesi 27 pa 1440p. Ya mainchesi 27 koma 1080p ine sindiikonda, chifukwa ukakhala nayo pafupi pa desiki zilembo zimaoneka zamanyaka.

Kenako yang'anani nambala ya Hz, kutanthauza kuti chithunzi chimasintha kangati pa sekondi. Mamonita a muofesi ndi ma TV ambiri ndi 60Hz. Ya magemu pezani 144Hz kapena 165Hz. Kusiyana kwake mumakuona ngakhale pongoyendetsa mausi, ndipo mukazolowera simubwereranso mmbuyo. Pa mtundu wa galasi, IPS imaonetsa mitundu bwino ngakhale mnzako atakhala chapambali, VA imada bwino m'malo amdima koma zina zimasiya kamthunzi zinthu zikamathamanga, pomwe TN ndi yotchipa koma mitundu yake ndi yofwifwa. Ine ndimatenga IPS. Onetsetsaninso kuti ili ndi FreeSync, imene imaletsa chithunzi kung'ambika gemu ikamathamanga, ndi polowetsera chingwe cha DisplayPort. Kuyambira 2019 makhadi a Nvidia nawonso amagwira ndi mamonita ambiri a FreeSync kudzera pa DisplayPort, ndiye palibe chifukwa cholipirira dzina la G-Sync, imene ndi ya Nvidia koma ntchito yake ndi yomweyo.

Mukagula yakaunjika, muuzeni wogulitsa aiyatse muli pompo. Tsegulani chithunzi choyera chokhachokha, kenako chakuda chokhachokha, muone ngati pali timadontho takufa. Akayamba zoti "magetsi kulibe, mukayesera kunyumba," inu nyamukani. Ndipo ikakhala ya VGA yokha isiyeni, makhadi amakono alibenso malo amenewo.

Graphics card

Apa ndi pamene pamapita gawo lalikulu la ndalama, mwina pafupifupi theka la bokosi lonse. Pa 1080p, AMD Radeon RX 6600 ya 8GB imakwanira magemu ambiri, ndipo imadya mawati 132 okha. RTX 3060 ya 12GB, imene inatuluka mu 2021, imadya 170. RTX 4060 ya 8GB inatuluka mu 2023 pa madola 299, ndipo imadya 115 basi, chinthu chofunika kwa ife ogula mayunitsi a magetsi kapena okhala pa inveta. Pa 1440p ganizirani za RX 7700 XT kapena RTX 4070, zonse za 12GB. Khadi ya 4GB lero musagule ngakhale atakutsitsirani bwanji.

Madola ndatchulawo ndi ongokuthandizani kuyerekeza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'mashopu inasiya kukhala ndi mutu, ndipo ogulitsa ena amawerengera dola ya pamsika wakuda. Funsani malo atatu. Amene ali ndi achibale ku Joni amaitanitsa pa basi, koma muwerengeretu zolipira wonyamula ndi msonkho wa pachipata, komanso dziwani kuti ikakafa, waranti yake ili ku Johannesburg, inu muli ku Ndirande.

Chenjerani ndi makhadi achinyengo. Kuli ma GTX 1050 Ti ambiri amene mkati mwake ndi khadi yakalekale yongosinthidwa dzina. Chizindikiro chimodzi ndi polowetsera VGA kumbuyo. Ikani kapulogalamu kaulere ka GPU-Z pa fulashi, mupite nako, kakuonetseni chimene chilidi mkati mwa khadiyo. Ma RX 580 otchipa a pa Facebook aja, ambiri anagwira ntchito usana ndi usiku kukumba ndalama za crypto. Sikuti onse ndi oipa, koma iyendetseni pa FurMark, pulogalamu yopanikiza khadi, mphindi 15, mumve ngati mafani sakulira ngati chigayo ndiponso ngati sikirini sikutulutsa timizere tachilendo.

Purosesa, motherboard ndi RAM zimayendera limodzi

Purosesa (ubongo wa makina), motherboard (bodi imene zida zonse zimalumikizidwapo) ndi RAM (memole yogwirira ntchito) musagule padera popanda kuona ngati zikugwirizana. Ryzen 5 5600 imakhala pa soketi ya AM4, bodi ya B450 kapena B550, ndi RAM ya DDR4. Ryzen 5 7600 imafuna AM5, bodi ngati B650, ndipo imalola DDR5 yokha. Intel Core i5-12400F imakhala pa LGA1700, koma mabodi ake ena ndi a DDR4, ena a DDR5, ndiye werengani bokosi. DDR4 siingalowe pa malo a DDR5 ngakhale mukankhe ndi bondo. Mapurosesa onse atatuwa ali ndi makoo (cores) 6, ndipo pa magemu n'okwanira. Kugula i9 n'kuiphatikiza ndi khadi yofooka n'kungofuna kutchuka pagulu.

Dziwani kuti 5600 ndi 12400F sizitulutsa chithunzi pazokha popanda khadi. Komanso bodi ya B450 imene yakhalitsa pashelefu ikhoza kukana Ryzen 5000 mpaka BIOS yake, pulogalamu ya mkati mwa bodi, itasinthidwa, ndiye funsani wogulitsa achite zimenezo musanalipire. RAM tengani 16GB, koma ikhale timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB. Mndandanda wonse ulowetseni pa webusaiti ya PCPartPicker, ikuuzani pamene mwasemphanitsa.

Power supply: pano khalani pansi

Apa ndi pamene ine ndinapsa, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Mu 2022 ndinamanga makina anga oyamba, Ryzen 5 5600 ndi RX 6600. Pofika pa power supply, kabokosi kopereka magetsi ku zida zonse, ndalama zinali zitatsala zochepa. Ndinalowa mu kashopu kena ku Limbe, ndipo mnyamata wa pakauntala ananditulutsira kabokosi kolembedwa "750W" ndi zilembo zofiira zikuluzikulu, dzina la kampani losamveka n'komwe. Mtengo wake sunafike ngakhale theka la Corsair ya 550W imene ndinaona kwina. Mumtima ndinati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Nditainyamula inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, koma sindinaganizepo kanthu. Inalibenso chingwe cha mapini 8 cholowa mu khadi. "Zimenezo musadandaule bwana, adaputa ilipo," anatero, n'kundipatsa kachingwe kolumikiza ku mapulagi akale a Molex.

Masabata atatu oyamba zonse zinali bwinobwino. Kenako makina anayamba kuzima okha gemu ikafika pokoma, n'kuyakanso okha. Ndinanamizira Windows, n'kuichotsa, n'kuikanso, kawiri konse. Ndinanamizira madiraiva a AMD, ndinatha mabandulo a intaneti kutsitsa atsopano ndi akale omwe. Ndinafika pomukayikira msuweni wanga amene anandibweretsera khadi kuchokera ku Joni, kuti mwina anandigulira yotha. Power supply ija sindinaiganizire ngakhale tsiku limodzi, chifukwa inalembedwa 750.

Tsiku lina madzulo magetsi anathima ndili pakati pa gemu. Ndinatuluka kukakhala pakhonde osazimitsa swichi ya pakhoma. Atabwera ndinangomva "phwa!" kuchipinda, kenako fungo la pulasitiki yopserera. Motherboard inapita, SSD yosungira mafayilo inapita ndi zonse zinali mmenemo. Khadi inapulumuka mwamwayi. Nditabwerera kushopu kuja anangondilozera pansi pa lisiti: katundu wogulidwa sabwezedwa.

Mnzanga wina wokonza mawailesi ndi amene ananditsegula maso. Anatembenuza kabokosi kaja n'kundionetsa kapepala ka m'mbali. Pamzere wa +12V panalembedwa 20A. Chulukitsani 12 ndi 20, mupeza mawati 240. Purosesa ndi khadi zonse zimamwa pa mzere wa 12V umenewu. Khadi yanga 132, purosesa yolembedwa 65 koma imapitirirako ikapanikizika, kuwonjezera mafani ndi bodi, ndiye kuti kabokosi kaja kankagwira ntchito kali pakhosi tsiku ndi tsiku. Nambala ya 750 ija anangophatikiza mizere yonse n'kuwonjezapo bodza.

Tsono inu chitani izi. Werengani kapepala ka m'mbali, osati zilembo za pabokosi. Power supply yabwino ya 550W imapereka pafupifupi mawati onsewo pa 12V, ndiye muona nambala yoyandikira 45A. Inyamuleni m'manja, yabwino imalemera. Ikhale ndi chingwe chakechake cha PCIe cha mapini 6+2, za adaputa ya Molex zikaneni. Ionetse kuti ili ndi zoteteza monga OVP, OCP ndi SCP, zimene zimaizimitsa yokha magetsi akachuluka kapena waya akagundana. Chizindikiro cha 80 Plus Bronze kapena Gold chimangonena kuti siitaya magetsi ambiri ngati kutentha, sichitsimikiza kulimba, ndipo achinyengo amachimata pabokosi mmene afunira. Komabe dzina lodziwika ngati Seasonic, Corsair kapena be quiet! lokhala ndi waranti ya zaka 5 kupita mtsogolo limakupatsani tulo. Pa makhadi a 1080p ndatchula aja, 550W mpaka 650W yakwana. Pa RX 7700 XT kwerani pa 700W kapena 750W yeniyeni.

Kuno magetsi athu ndi 230V. Mukaitanitsa kuchokera ku America onani kuti yalembedwa 100-240V. Ikakhala yakale yokhala ndi kaswichi kofiira kumbuyo, kaloze pa 230 musanailowetse kukhoma, apo ayi muona utsi tsiku loyamba lomwelo. Ya ku Joni imabwera ndi pulagi ya mapini ozungulira, ingosinthani chingwe ndi cha mapini atatu athu aja, m'malo momangirira ma adaputa. Ngati ndi ya zingwe zochotseka, musabwereke zingwe za power supply ina ngakhale zikulowa bwinobwino, mawaya amkati amasiyana.

Ndipo pakati pa khoma ndi makina payenera kukhala mlonda. Ngati mungathe, UPS (kabokosi ka batire kogwiririza makina magetsi akathima) ya 1000VA kupita mmwamba yokhala ndi AVR, yowongola magetsi akakwera kapena kutsika. Tija ta 650VA timapereka mawati osafika 400, ndipo makina ali pa gemu pamodzi ndi monita timatha kungolira n'kuzima. Ngati UPS yakukanikani, gulani fridge guard, ija imadikira mphindi zingapo magetsi akabwera isanawalole kudutsa. Ine ndikanakhala nayo tsiku lija, bwenzi nkhaniyi kulibe. Amene muli pa sola, inveta ikhale ya pure sine wave.

Zotsalazi n'zosavuta

SSD tengani ya NVMe ya 1TB. Magemu ena lero amapitirira 100GB imodzi, ndiye 256GB idzadza musanakhale pansi. Yakaunjika iyeseni ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Ya dzina lachilendo yolembedwa 2TB pa mtengo wa fulashi, mukudziwa kale.

Kesi ikhale yamabowo kutsogolo ndi sefa ya fumbi, chifukwa mwezi wa Okutobala fumbi ndi kutentha sizinyengerera. Yezani kutalika kwa khadi musanagule kesi. Magetsi amitundumitundu aja saonjezera liwiro. Fani yobwera m'bokosi la 5600 kapena 12400F ndi yokwanira, zoziziritsa ndi madzi zisiyeni kaye.

Zomanga sindikhalapo, ndi sikuludiraiva imodzi ndi madzulo amodzi. Purosesa imagona yokha mukalunjikitsa kachizindikiro ka pakona, musaikankhe. Timitengo ta RAM tiwiri tija tilowe pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa, buku la bodi likuuzani. Chingwe cha monita chilowe mu khadi, osati mu motherboard. Mukayatsa lowani mu BIOS mutsegule XMP, kapena EXPO ngati muli pa AM5, apo ayi RAM yanu iziyenda pang'onopang'ono. Mu Windows pitani pa Advanced display musinthe 60Hz ikhale 144Hz kapena 165Hz, chifukwa nthawi zambiri siisintha yokha. Mlamu wanga anakhala miyezi 6 akutamanda monita yake yatsopano ili pa 60, mpaka tsiku limene ndinakamuchezera n'kumutsegulira.