Momwe mungatumizire katundu wa m'nyumba kunja mukamasamuka kuchokera ku Chigwa cha Shire

Choyamba kuganizira ndi nyengo. Katundu wochokera ku Nsanje, Bangula kapena Nchalo amadzera msewu wa M1, kuoloka mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa ndi kukwera chitunda cha Thabwa asanafike ku Blantyre, komwe kuli makampani otumiza katundu kunja. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 adadula misewu m'chigwachi, choncho tulutsani katundu m'chilimwe, mvula isanagwe.

Kenako sankhani zopita nazo, ndipo apa musadzimvere chisoni. Mtengo umatengera malo omwe katundu wadya. Kontena ya mapazi 20 ili ndi malo okwana pafupifupi ma kiyubiki mita 33 mkati mwake. Ngati wanu ndi wochepa, pemphani kuti aphatikizidwe ndi wa anthu ena, ngakhale amachedwa podikira kuti kontena idzaze. Pandege amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita n'kugawa ndi 6000 kuti apeze makilogalamu oti mulipire. Katoni ya 60 × 50 × 40 mudzailipira ngati makilogalamu 20 ngakhale mutadzazamo mapilo okhaokha. Masofa ndi mabedi gulitsani kapena siyirani abale. Firiji ya magetsi athu a mavoti 230 siingagwire ntchito ku America, komwe ndi 120.

Polongedza ndi pomwe ambiri amaonongera katundu. Kontena imakhala masabata ambiri panjira yopita ku doko la Beira, Nacala kapena Durban komanso panyanja. Masana imatentha, usiku imazizira, ndiye chinyontho chimasanduka madontho kudenga n'kumagwera pa makatoni. Chovala chomwe sichinaume bwino chimakafika chitachita chuku. Yanikani zovala ndi zofunda padzuwa tsiku lonse, ikani timapaketi toyamwa chinyontho, ndipo makatoni asagone pansi penipeni podikira thiraki, chifukwa chiswe cha kuno sichichedwa. Chilichonse chamatabwa chigogodeni; chikatulutsa tiufa, muli tizilombo, chisiyeni. Mabokosi ndi mapaleti amatabwa akhale ndi chidindo cha ISPM 15 chosonyeza kuti tizilombo tidaphedwa, apo ayi angathe kubwezedwa padoko.

Musalowetse silinda ya gasi, petulo kapena penti. Nsomba zouma, nyama ndi mbewu maiko ambiri salola popanda chilolezo, ndipo thumba limodzi lokha lingachititse kuti kontena yonse itsegulidwe, ndalama yake n'kulipira inu. Minyanga ya njovu ndi mlandu wopita nawo kundende.

Katoni iliyonse ilembedwe nambala, ndipo pamndandanda mulembe zomwe zilimo ndi mtengo wake. Kungoti "zosiyanasiyana" kumakayikitsa a kasitomu. Mndandandawu ndi womwe ajenti wanu woona za kasitomu adzapite nawo ku bungwe lotolera msonkho la MRA, ndiponso ndi womwe a inshulansi adzayang'ane katundu akaonongeka. Opita ku United Kingdom apemphe chikhululukiro cha msonkho cha ToR1 katundu asananyamuke; chimafuna kuti mukhale mutakhala kunja kwa dzikolo miyezi 12 ndipo katunduyo mwakhala naye miyezi 6.

Funsani makampani atatu, aliyense alembe papepala ngati mtengo wake ukufikitsa katundu pakhomo kapena ukuthera padoko, poti ndalama zotsitsira ndi zosungira kontena kumeneko zimakwera tsiku ndi tsiku. Tengani chikalata cha bill of lading, chosonyeza kuti a sitima alandira katundu wanu, ndi nambala ya kontena. Pasipoti, masatifiketi a sukulu, makadi a kusikelo a ana ndi mankhwala zikhale m'chikwama cha m'manja.