Kuphunzitsa kumudzi wa Abuda ku Isan: zoyenera kuchita tsiku ndi tsiku

Ngati mwapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi kumudzi wa ku Isan, kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, yambani ndi kuzolowera kulawirira. Kukamacha, amonke amayenda m'misewu opanda nsapato, mbale zili m'manja, anthu n'kumawaikira mpunga womata. Ine ndimatuluka ndi kadengu kanga, n'kuvula nsapato, n'kuika mpungawo mwakachetechete. Ngati ndinu mayi, musamukhudze mmonke, ngakhale mkanjo wake.

Ikamakwana 8 koloko muzikhala muli pamzere ndi ana, muime njo pamene akukweza mbendera ndi kuimba nyimbo ya fuko. Kenako pamabwera pemphero la Chibuda. Palibe wokukakamizani kunena nawo, ingokhalani chete.

Zimene zinandivuta kwambiri ndi za mutu ndi mapazi. Tsiku lina ndinasisita mnyamata wamkulu pamutu pomuyamikira, kalasi yonse inangoti zii, ndipo zinandipweteka mtima. Kuno mutu ndi wolemekezeka, mapazi ndi onyozeka. Pokhala pansi m'kachisi pindirani miyendo kumbuyo, mapazi asaloze chifaniziro cha Buddha.

Mwana akalakwa musamukalipire pagulu, muitanireni pambali. Polemba deti pabolodi onjezani 543 pa chaka, poti kuno amatsata kalendala ya Chibuda: 2025 kuno ndi 2568.