Madzi a mandimu sasungunula mafuta a m'thupi

Kwa miyezi itatu ndinkadzuka n'kumwa madzi ofunda ofinyiramo mandimu, kenako n'kuyamba ntchito m'mimba muli pululu. Ndinkakhulupirira kuti mandimu amasungunula mafuta a m'thupi. Sikelo sinasunthe. Ikamakwana 4 koloko masana njala inkandipweteka mpaka manja kunjenjemera, ndipo madzulo ndinkadya ngati anthu awiri.

Thupi limachepa pamene mphamvu zomwe mukudya zachepa poyerekeza ndi zomwe mukugwiritsa ntchito. Palibe chakumwa chomwe chingalambalale zimenezi. Choncho musayambe ndi kudzimana chakudya, yambani ndi zinthu zomwe zimalowa m'thupi inu osaziwerengera.

Yezani mafuta ophikira. Galamu imodzi ya mafuta imakhala ndi makalori 9 (kalori ndi muyeso wa mphamvu za m'chakudya), pamene ya shuga, sitachi kapena mapuloteni imakhala ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi makalori pafupifupi 120. Tsiku lina, m'malo mothira mumphika mwachizolowezi, ndinathira m'kapu kaye mlingo womwewo n'kuyeza. Anakwana masupuni asanu, m'ndiwo za anthu awiri okha! Ndinangoti kakasi. Lero supuni imakhala pambali pa botolo, ndipo ndimathira imodzi ndi theka. Koma musawasiyiretu, chifukwa mavitamini A, D, E ndi K amafuna mafuta kuti alowe bwino m'thupi.

Kenako onani zomwe mumamwa. Chakumwa chozizilitsa kukhosi cha mamililita 330 chimatha kukhala ndi shuga wokwana magalamu 35. Mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike 10 peresenti ya mphamvu za tsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50. Uchi ndi juwisi wa zipatso zili m'gulu lomwelo, ngakhale ambiri timaziona ngati zosalakwa. Lalanje idyani lathunthu, limakhutitsa kusiyana ndi madzi ake. Mowa nawo uli ndi makalori: galamu iliyonse ya alikoholi, chinthu choledzeretsa cha mumowa, imakhala ndi makalori 7.

Bodza lomwe limandiwawa kwambiri ndi lakuti mpunga, buledi ndi mbatata ndi adani. Munthu akazisiya, sabata yoyamba sikelo imatsikadi, iye n'kusangalala. Koma zambiri zomwe zachokazo ndi madzi, chifukwa thupi likamasunga sitachi m'chiwindi ndi m'minofu, galamu iliyonse imasungidwa ndi magalamu atatu a madzi. Akayambanso kudya, madzi aja amabwerera, iye n'kumadziona ngati wolephera. Ingochepetsani mulu. Theka la mbale likhale masamba, mbali ina nyemba, mazira, nsomba kapena nyama, ndipo mpunga, buledi kapena mbatata zitenge malo otsalawo.

Matiyi ambiri otchedwa ochepetsa thupi amangotsegula m'mimba. Thukuta ndi madzi, si mafuta. Masewera olimbitsa pamimba amalimbitsa minofu koma sasankha malo ochotsa mafuta.

Kwerani sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, pa sikelo yomweyomweyo. Kutsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata n'kokwanira. Ngati muli ndi matenda a shuga, ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa, kambiranani kaye ndi a chipatala musanasinthe kadyedwe.